Kodi N'koyenera Kudya Mbewu Pofuna Chikho?

Timu ya mpira wamiyendo imakhala ndi nyengo yake yokolola zikho, koma nyengoyo sichedwa kutha pakuti osewera amakalamba ndipo makontirakiti awo amafika kumapeto. Tsono kodi n'koyenera kuti atsogoleri a timu alowe m'ngongole pofuna kupambana lero?

Zomwe zidaonekera timu ya Barcelona ya ku Spain zikutipatsa phunziro. Mu 2017 timuyi idalandira mayuro 222 miliyoni Neymar atachoka. Pofunitsitsa kutenganso chikho cha Champions League Lionel Messi asanakalambe, idagula Dembélé, Coutinho ndi Griezmann pamitengo yoboola m'thumba. Chikhocho sichidabwere, ndipo pofika 2021 ngongole idapitirira mayuro biliyoni imodzi. Bungwe la La Liga limaikira timu iliyonse malire a malipiro molingana ndi chuma chake. Choncho kontirakiti ya Messi itatha chaka chomwecho, Barcelona idalephera kumulembanso ngakhale iye adalola kuti malipiro ake adulidwe pakati. Adatsazika akugwetsa misozi napita ku Paris Saint-Germain.

Ena amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, kutanthauza kuti mwayi wokhala ndi katswiri wotere subwera kawiri. Izi n'zoona, komabe atsogoleri ndi osunga chabe, pakuti timu ndi ya otsatira ake, alero ndi amawa omwe. Wodya mbewu amakhuta tsiku limodzi, koma njala yake imagwera osalakwa. Malire a malipiro angaoneke ankhanza, koma amaletsa mbadwo umodzi kusesa nkhokwe ya mbadwo wotsatira.