Kansomba komanga chisa ndi thovu

M'madambo a ku India ndi Bangladesh muli kansomba kotchedwa dwarf gourami, kosaposa chala cha munthu wamkulu. Kakamuna kamavala mizere yofiira ndi yabuluu ngati chitenje chatsopano. Mlengi adakapatsanso chiwalo chapadera m'mutu, moti madzi akachepa mpweya kamangotulutsa kukamwa n'kupuma mpweya wa kunja.

Nthawi yoswana ikakwana, kakamunako kamakwera pamwamba, kumeza mpweya, n'kulavula timathovu kamodzikamodzi, kukulumikiza ndi tizidutswa ta zomera mpaka chisa chitayandama. Dzira likagwa kamalitola ndi kukamwa n'kulibwezera m'chisamo. Kenako kamalondera, ngakhale mayi wa mazirawo osamulola kuyandikira. Adakaphunzitsa ndani?

Komatu pali china chochepa kuposa apo. Oweta nsombazi m'magalasi a m'nyumba amalira ndi kachilombo ka iridovirus, kamene maikulosikopu wa kusukulu sangakaone n'komwe. Kakalowa, nsomba imasiya kudya, mitundu ija imazilala, kapamba amatupa, imfa n'kutsatira. Mankhwala ake palibe. Ine zimandichititsa mantha ndi ulemu womwe, kuti kanthu kosaoneka kakhale ndi mphamvu yotere.

Tisati ndi za kutali. Mu 2018 kachilombo ka mtundu womwewu kadapulula nsomba za gulu la chambo zowetedwa m'nyanja ya Volta ku Ghana. Kuno kwathu, mu 2020, nsomba za ku Mchinji zidagwidwa ndi matenda a zilonda otchedwa EUS, ngakhale awowo amayamba ndi nkhungu ya m'madzi.

Mlimi wa ku Mwanza, amene wakumba dziwe kumunsi kwa munda wa manachesi, ali ndi chodabwitsa chake. Makumba aakazi amafungatira mazira m'kamwa, masiku ambiri osadya, ndipo ana akaswa, chinthu chikawaopsa amathawira m'kamwa momwemo. Moyo wosamalidwa chonchi suyenera kutayika chifukwa cha ndowa imodzi ya mbewu yodwala.

Mwanza ndi khomo la dziko, katundu amadutsa pachipata cha ku Zobue tsiku ndi tsiku, ndipo matenda a nsomba angalowerenso pomwepo. Alimi anzanga, gulani mbewu ya nsomba kumene mukukudziwa, musabwerekane maukonde osayanika padzuwa, ndipo mukaona nsomba zikufa kapena zili ndi zilonda, dziwitsani alangizi a za nsomba tsiku lomwelo.