Chingwe cha m'fakitale ya Toyota

Kunja kukucha. M'nyumba zambiri achinyamata amene angoyamba kumene ntchito akusita malaya, mtima uli phaphapha. Nanga akakalakwitsa lero, abwana akati chiyani?

Ku Japan, m'mafakitale a Toyota, kwa zaka zambiri pamwamba pa mzere wolumikizira magalimoto pankadutsa chingwe, chotchedwa chingwe cha andon. Wantchito aliyense, ngakhale amene walembedwa sabata yatha, akaona kuti bawuti silinamange bwino kapena ntchito yamupitirira, ankakoka chingwecho. Nyali inkayaka, kanyimbo kankalira, mtsogoleri wa gulu lake ankabwera msanga kudzathandiza. Vutolo likapanda kutha m'kanthawi kochepa, mzere wonse unkaima.

Mzere wonse, chifukwa cha dzanja la munthu watsopano.

Mu 1984 Toyota ndi General Motors anatsegula limodzi fakitale ya NUMMI ku Fremont, California, pamalo amene General Motors inatseka mu 1982. Antchito ambiri anali akale omwe aja, ozolowera kuti mzere suima zivute zitani. Ena anapita ku Japan kukaphunzira njira yatsopanoyi, ndipo pasanapite nthawi magalimoto a ku Fremont anayamba kutuluka opanda zolakwika zambiri.

Chokoma pa nkhaniyi n'chakuti wachinyamata sabisa pamene pamuvuta, popeza akudziwa kuti akaitana, wina abwera. M'mawa uno, mu ofesi ina kapena m'sitolo ina, alipo mkulu wodziwa ntchito amene angaime pafupi ndi watsopano n'kumufunsa mofatsa: pavuta pati, mwanawe?