Qadar ndi Mbale ya Mayi Woyembekezera

Mwana akakula wopinimbira, ambiri a ife timati n'chikonzero cha Allah, nkhani n'kuthera pomwepo. Kukhulupirira Qadar ndi nsanamira ya Imaan, koma kodi kumatichotsera mlandu pa zimene manja athu adanyalanyaza?

Maselo a thupi lathu amasunga DNA, buku la malangizo a chibadwa pafupifupi 20,000. Selo ya diso ndi ya chiwindi zili ndi buku limodzimodzi, koma iliyonse imawerenga masamba ake. Tizidutswa totchedwa methyl timamatirira pa DNA n'kutseka malangizo ena. Penanso DNA imakulungidwa zolimba pa mapuloteni otchedwa histone kuti isawerengeke. Zilembo sizisintha, chosintha ndi tsamba lotseguka. Maphunziro a zimenezi amatchedwa epigenetics.

Chakudya cha mayi chimakhudza kutseka ndi kutsegula kumeneku. Ku Netherlands kudagwa njala mu 1944 ndi 1945. Mu 2008, ofufuza adapeza kuti anthu amene mimba zawo zidaima m'njalayo anali ndi methyl wochepa pa malangizo okulitsa thupi otchedwa IGF2 poyerekeza ndi abale awo, patapita zaka 60. Ku Gambia, dziko la Asilamu ambiri, kafukufuku wa 2014 adaonetsa kusiyana kwa methyl pakati pa ana a mimba za m'dzinja ndi za m'chilimwe.

Kwathu kuno, kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 ali opinimbira. Zifukwa n'zambiri, koma china chili m'khomo mwathu. Ku Chiweta nyanja tili nayo pafupi, komabe usipa ukauma timathamangira nawo kwa ogula a mumsewu wa M1, mayi wapakati n'kudyera kondowole masamba okha. Ena amamuletsanso mazira.

Mu Surat Al-Baqara, Qur'an yatchula zaka ziwiri za kuyamwitsa, ndipo yasenzetsa bambo udindo wa chakudya ndi chovala cha mayiyo. Amene adalemba buku la thupi ndi Yemweyo adalamula udindowu. Kuukwaniritsa si kulimbana ndi Qadar, ndi gawo lake. Mwana wobadwira m'njala sadatembereredwe, ndipo chisamaliro chimamuthandizabe. Koma ife amene tili ndi nsomba m'manja tidzafunsidwa. Tisanawerenge ndalama za usipa, tiyambe tapatula gawo la mayi woyembekezera. Allah ndiye Wodziwa koposa.