Mjeremani wa kwa Mpezeni ndi Funso la Ukholo

Mwa azungu amene anafika kwa Angoni a mfumu Mpezeni tauni ya Chipata isanakhaleko, ndi ochepa amene anasiya mapepala ochuluka ngati Carl Wiese. Anali Mjeremani wochita malonda a minyanga, ndipo analowa m'dziko lino la Zambia m'zaka za m'ma 1880 kuchokera ku Tete. Mbendera ya kwawo sanabwere nayo, ankayendera ya Apwitikizi. Lipoti la ulendo wake wa 1888 mpaka 1891 linasindikizidwa ku Lisbon m'Chipwitikizi, kenako mu 1983 linatuluka m'Chingerezi ku America atalikonza Harry Langworthy, katswiri wa mbiri ya Achewa a Undi. Mu 1900 Wiese analembanso za Angoni m'Chijeremani m'magazini ya akatswiri ku Berlin. Wofuna kumudziwa lero angapeze njira zimene anadutsa, mafumu amene anacheza nawo, ngakhale maganizo ake pa anthu amene ankamupatsa malo ogona.

Koma pepala lake limene linagwedeza dera lino ndi lina. Mpezeni ankamukhulupirira kwambiri, moti Alfred Sharpe atabwera mu 1890 kudzapempha pangano m'malo mwa Angerezi, anabwerera chimanjamanja. Chilolezo chofufuza miyala ya mtengo wapatali chinapita kwa Wiese. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 litaika dzikoli kumbali ya Angerezi, mapepala a Wiese anagulitsidwa mpaka anafika ku North Charterland Exploration Company, imene mu 1895 inapatsidwa malo okwana masikweya mailosi 10,000. Chakumapeto kwa 1897, Wiese ali wantchito wa kampaniyo, uthenga unapita ku Nyasaland woti Angoni azinga azungu. Asilikali anafika mu Januwale 1898 ndi mfuti za Maxim. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Golide wambiri amene ankamuyembekezera sanaoneke, koma malo anapita, ndipo boma linadzawagulanso kwa kampaniyo mu 1941, anthu atapanikizana kale m'malo ochepa amene anawasiyira.

Nsingo sanasiye kalata. Komabe Febuluwale aliyense ku Mtenguleni, pa mwambo wa Nc'wala umene unayambiranso mu 1980, dzina lake limamveka pakamwa pa anthu. La Wiese, ukalitchula pamsika wa Kapata, ambiri angafunse ngati ndi dzina la galimoto.

Apa ndi pamene pagona funso lovuta kwa mabanja ena a kuno. Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, inali ndi anthu ambiri obadwa kwa bambo wachizungu ndi mayi wakuno: ana a mabwana a boma, a alimi a fodya, a alenje. Harry Scott Thornicroft, bwana wa boma ku Petauke amene nyamalikiti ya m'chigwa cha Luangwa inatengera dzina lake, anabereka ana mwa mayi wakuno, ndipo mmodzi wa iwo, Gaston Thornicroft, anadzakhala phungu ku Southern Rhodesia. Mu 2012 Juliette Milner-Thornton anatulutsa buku lotsata mbiri ya banja lake kuchokera kwa mlenje Sidney Spencer Broomfield, wodziwika ndi dzina loti Kachalola. M'mabanja enanso mumangomveka mawu oti "agogo awo a amayi anali mzungu, ati Mjeremani," popanda dzina lomveka. Wina akalimba mtima n'kumufufuza mzunguyo mpaka kumupeza m'kaundula, kodi wapeza kholo?

Kumupezako nthawi zambiri n'kotheka, chifukwa Ajeremani ndi anthu osunga mabuku. Mipingo yawo inayamba kulemba maubatizo, maukwati ndi maliro m'zaka za m'ma 1500, ndipo kwa Akatolika msonkhano wa ku Trent unalamula mabuku a ubatizo ndi a ukwati mu 1563. Kuyambira pa 1 Januwale 1876, boma la Germany lenilenilo linayamba kulemba aliyense wobadwa, wokwatira ndi womwalira. Padoko la Hamburg pali mndandanda wa anthu okwera sitima zapamadzi kuyambira 1850 mpaka 1934, wokhala ndi dzina, zaka, ntchito ndi kumene munthu ankakhala. Ukangodziwa mudzi wa kwawo, ulusi umatha kusololoka mibadwo yambirimbiri. Mbali ya kuno mabuku alipo ndithu: ma District Notebook osungidwa ku National Archives of Zambia ku Lusaka, mabuku a ubatizo a ku Magwero kumene mishoni ya Dutch Reformed inayamba mu 1899, ndi a ku Kachebere kumene ansembe a White Fathers anafika mu 1903. Vuto lake n'lakuti mapepala a nthawi ya atsamunda amakondera. Mwamuna wachizungu amalembedwa ndi mayina onse ndi udindo wake. Mayi amene anabereka, kuyamwitsa ndi kulera amangotchedwa mkazi wachikuda, kapena dzina lake limalembedwa mopotoka monga analimvera kalaliki. Ngakhale Wiese anali ndi mkazi wa kudera la Tete, koma pamene iye amadzaza mitu yathunthu ya mabuku, mayiyo amapatsidwa mzere umodzi kapena iwiri.

Kumudzi zinthu zimatembenuka. Kwa Achewa ndi Ansenga, mwana ndi wa kwa mayi ake. Womuyang'anira ndi malume, mwini mbumba, ndipo mizimu imene imabwera kutulo kudzadandaula kuti yaiwalidwa kawirikawiri ndi ya bere lomwelo. Mzungu amene anakhala zaka zingapo n'kupita saoneka wachilendo kwenikweni m'dongosolo limeneli: anali mkamwini amene sanakhalitse. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu. Kwa Angoni mwana ndi wa kwa bambo, koma pokhapokha ng'ombe za malowolo zitapita. Popanda ng'ombezo, magazi okha sasamutsa mwana. Ndipo Angoni a Mpezeni eni akewo ndi umboni wa mphamvu ya amayi: anawoloka Zambezi mu 1835 akuyankhula chinenero cha kumwera, koma lero zidzukulu zawo zimayankhula Chinsenga cha akazi amene makolo awo anakwatira. Ngakhale reji imene wachinyamata wa ku Zambia amatenga akakwanitsa zaka 16 imafunsa mudzi ndi mfumu. Za Hamburg ilibe nazo ntchito.

John Mbiti, m'busa ndi katswiri wa ku Kenya, anafotokoza mu 1969 kuti kwa anthu ambiri a mu Africa womwalira amakhalabe m'banja malinga ngati alipo omukumbukira ndi dzina, mwina kwa mibadwo inayi kapena isanu, kenako amalowa m'gulu la mizimu yosadziwika mayina. Kukumbukira kumeneku ndi ntchito ya manja. Ndi kufulula mowa wa bona, kuthira ufa patsinde pa msolo, kulambula pamanda, kumanga chiliza, kupatsa khanda dzina la malemu kuti likamalira usiku anthu anene kuti agogo akufuna kutchulidwa. Fayilo ya ku Lusaka sichita chilichonse mwa zimenezi. Imasunga dzina kwa zaka 100 popanda wina wolimva chisoni.

Akhristu, amene ndi ochuluka ku Chipata, sapeza yankho limodzi m'Baibulo. Mu Ezara 2 muli mabanja amene anabwerako ku ukapolo ku Babulo, n'kufunafuna mayina awo m'buku la mibadwo koma osawapeza, ndipo anachotsedwa pa unsembe. Pamenepo pepala ndiye linaweruza. Mateyu akuyamba uthenga wake ndi mndandanda wa makolo a Yesu, koma mwadala akuikamo akazi amene mlembi wosamala ulemu wa banja akanawabisa, monga Rahabi wa ku Yeriko ndi Rute Mmowabu. Kalata yoyamba ya kwa Timoteo, mutu woyamba, ikuchenjeza za kutaya nthawi ndi mibadwo yosatha imene imangobala mikangano. Mpingo wa Latter-day Saints unatenga njira ina: chifukwa umabatiza amoyo m'malo mwa akufa, unasonkhanitsa zithunzi za makaundula a m'mayiko ambiri n'kuzisunga m'phanga la m'phiri pafupi ndi Salt Lake City, ndipo ntchito yake ya FamilySearch ndi imene ofufuza ambiri amayambira pa intaneti, kaya amagwirizana ndi chiphunzitsocho kaya ayi.

Germany yomweyo inaonetsanso kumene kulambira kaundula kungafikitse anthu. Kuyambira 1933, ndipo makamaka malamulo a ku Nuremberg a 1935 atakhazikitsidwa, anthu ankapita kwa abusa ndi ansembe kukatenga umboni wa ubatizo wa makolo ndi agogo awo, kuti aonetse kuti alibe magazi achiyuda. Mabuku amene analembedwa polandira makanda mu mpingo anasanduka chida chosankhira woyenera ntchito, ukwati, mpaka moyo.

Choncho pepala liyenera kupatsidwa malo ake, osapitirira. Limanena amene anabereka, ndipo zimenezo si zachabe: munthu ali ndi ufulu wodziwa kumene kunachokera nkhope yake, ndipo mabanja amene anakula akunyozedwa kuti alibe kwawo amapeza mpumulo akaona dzina lolembedwa. Koma ukholo, monga amaumvera anthu a kuno, ndi ngongole ya mbali ziwiri. Kholo linasiya munda, dzina, mwambo kapena manda, ndipo otsala amalibwezera ulemu. Bambo amene analembetsa ana ake sukulu n'kuwapatsa dzina lake poyera, monga anachitira ena mwa azungu a ku Fort Jameson, analowa m'ngongoleyo. Amene anakwera sitima osacheuka sanalowemo, ngakhale kaundula wake atakhala wautali chotani.

Chovuta kwambiri n'chakuti wofufuza sasankha zimene akapeze. Angayembekezere dokotala kapena mmishonale, n'kupeza munthu wa mtundu wa Wiese, amene anadya nsima ya mfumu kenako mapepala ake n'kudzetsa mfuti kwa anthu a mfumuyo. Mdzukulu wa munthu wotere amakhala ndi wolanda ndi wolandidwa m'thupi limodzi. Alibe mlandu wa agogo akewo, koma sangatengeko dzina lokha lokoma m'kamwa n'kusiya mbiri ya ng'ombe ndi malo.

Ena safufuza chifukwa cha mizimu ayi, amafuna pasipoti, ndipo si tchimo. Koma nawonso amakumana ndi khoma. Lamulo la Germany la 1870 linkalanda unzika Mjeremani amene wakhala kunja zaka 10 osalembetsa kwa kazembe wa dziko lake, ndipo linagwira ntchito mpaka 1914. Komanso mwana wobadwa kunja kwa ukwati wovomerezeka ndi boma ankatsata mayi ake, monga mmene Achewa amachitira. Bambo wachijeremani wosakwatira anayamba kupatsira mwana unzika pobadwa kuyambira pa 1 Julaye 1993, ndipo lamulo la 2021 lokonza tsankho lakalelo limathandiza okhawo obadwa pambuyo pa 23 Meyi 1949 pamodzi ndi ana awo.