Mlandu wa Wogulitsa Mowa wa ku Mos Eisley

Usiku wina wa Loweruka tidaunjikana anyamata asanu m'chipinda cha mnzathu ku hositelo, maso onse pa kalaputopu kamodzi, kuonera Star Wars, filimu ija George Lucas adatulutsa m'chaka cha 1977. Itatha anzanga adayamba kukangana za ngwazi za m'nkhaniyo. Wina ankati mwamuna ndi Luke Skywalker, wina ankati ayi, popanda Han Solo zonse zikadapita m'madzi. Ine ndidangoti duu. Mtima wanga udali utatsalira m'bala, pa bambo wina wojintcha, wa nkhope yatsinya, amene amangooneka kanthawi kochepa kenaka n'kuiwalika. Bamboyu ndi wogulitsa mowa. Ndafuna kuti timuzenge mlandu pano, ndipo ndiululiretu kuti pomuzenga iyeyo ndikudzizenganso ndekha.

Kwa inu amene simudaonere, nkhani yake ili motere. Pa dziko lachipululu lotchedwa Tatooine pali tauni ya Mos Eisley, kumene kumatera zombo zoyenda m'mlengalenga. Luke, mnyamata wokulira kumunda, wafika m'tauniyi pamodzi ndi nkhalamba Obi-Wan Kenobi kudzafuna woyendetsa chombo woti awathawitse kwa asilikali a boma lankhanza. Ali ndi maloboti awiri, C-3PO ndi R2-D2. Alowa m'bala. M'menemo muli zolengedwa zamitundumitundu, ena a mitu yonga nyundo, ena aubweya thupi lonse, ena a nyanga. Oimba akuliza zitoliro, utsi uli tolotolo, aliyense ali pa chikho chake. Koma maloboti aja atangoti aponde pakhomo, wogulitsa mowa akuwa ali kuseri kwa kauntala, chala chili lololo, kunena kuti a mtundu umenewo sathandizidwa muno, akadikire panja.

Tsono taonani amene akuloledwa kukhala m'katimo. Posakhalitsa chimunthu china chiyamba kuputa Luke, n'kumadzitama kuti chidagamulidwa kuphedwa m'madera 12. Chimenecho chili ndi malo ake pa kauntala. Ndewu itabuka, wogulitsa mowa afuula kuti mfuti ayi, koma palibe womumvera; Obi-Wan asolola lupanga lake lowala n'kusadza mkono wa mmodzi mwa oputawo. Nyimbo ziima pang'ono, kenaka ziyambiranso. Asilikali atalowa kudzafufuza, wogulitsa mowa yemweyo awalozera kumene kwakhala alendo aja. Pomaliza Han Solo awombera Greedo ali pa tebulo, ndipo potuluka aponyera wogulitsa mowa ndalama yachitsulo, ati kupepesa chifukwa chodetsa malo. Ntchito yonse ya bamboyu m'filimu yathera pomwepa. Magazi adakhetsedwa kawiri pamaso pake koma sadapirikitse munthu. Amene adawapirikitsa ndi awiri okha aja amene sadalakwire aliyense.

M'filimu yonse palibe amene amatchula dzina lake. Amene adasewera mbaliyi ndi Mngelezi wina, Ted Burnett, ndipo nayenso dzina lake silidalembedwe pa mndandanda wa osewera kumapeto kwa filimu. Dzina loti Wuher tidalidziwira m'mabuku amene adalembedwa pambuyo pake. Kotero ndi mpangankhani wamng'ono weniweni, wa mtundu uja aphunzitsi athu amati ntchito yake ndi kungokometsera malo. Funso langa ndi lakuti, kodi munthu wamng'ono chotere, wopanda dzina, wopanda mphamvu yoletsa ngakhale ndewu ya m'bala mwake momwe, tingamuwerengere mlandu pa tsankho limene adachita? Kapena mlandu ndi wa akuluakulu okha, a Darth Vader ophulitsa maiko?

Anzanga aja nditawafunsa, adamuikira kumbuyo m'njira zitatu, ndipo sindifuna kuzipeputsa.

Woyamba adati imeneyi ndi nkhani ya malonda chabe. Loboti silimwa mowa. Lingodzaza malo amene pakadakhala munthu wogula. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo bamboyu akadanena kuti wosagula atuluke, ine ndikadatseka pakamwa. Komatu sadatero. Iye adatchula za mtundu. Lamulo loti wosagula atuluke limayang'ana chimene munthu akuchita, ndipo munthu angathe kusintha zochita zake, apise m'thumba n'kugula. Lamulo loti a mtundu wakuti atuluke limayang'ana chimene munthu ali, chimene sangachivule ngati malaya. Mnzangayo adaonjeza kuti loboti si munthu, ndi chitsulo. Kunja kuno mwina n'zoona, koma nkhani tiyenera kuiweruza ndi malamulo a dziko lake. M'dziko la Star Wars C-3PO amachita mantha, amadandaula, amadera nkhawa mnzake. R2-D2 amasunga chinsinsi mokhulupirika kuposa anthu ambiri. Filimu yomweyo idatiwonetsa kale awiriwa akugwidwa m'chipululu ndi a Jawa, akuikidwa kachitsulo kowaletsa kuthawa, akugulitsidwa pa mzere ngati mbuzi. Woonera aliyense amadziwa chimene chithunzi chotere chikukumbutsa.

Wachiwiri adati bamboyu ndi wantchito chabe, wotumidwa alibe mlandu. Zoonadi, mabuku amati bala ija mwini wake ndi Chalmun, wa mtundu wa a Wookiee, ndipo filimu siitiuza kuti lamulolo adakhazikitsa ndani. Ndivomere kuti munthu woopa kuchotsedwa ntchito sitingamuyeze ndi muyeso umodzi ndi mwini lamulo. Koma lamulo lilibe pakamwa, lilibe chala cholozera pakhomo. Limadikira munthu woti alibwereke zimenezi. Pa 1 February 1960 ophunzira anayi akuda a pa koleji ina ku Greensboro, m'chigawo cha North Carolina ku America, adakhala pa kauntala ya zakudya m'sitolo ya Woolworth n'kuitanitsa khofi. Amene adawakaniza sadali bwanamkubwa kapena woweruza milandu, koma wantchito wa pa kauntala. Anyamatawo adakana kuchoka, ena adadzawonjezereka, ndipo mu July chaka chomwecho kauntala ija idayamba kuthandiza anthu onse. Star Wars idatuluka patangopita zaka 17 zokha chichitikire zimenezi, kotero Amereka ambiri amene adamva kukuwa kwa wogulitsa mowa wa ku Mos Eisley sadafunikire wowamasulira. Wosalidwa sakumana ndi mfumu imene idalamula. Amakumana ndi mlonda wa pa geti, kalaliki wa pa windo, kondakitala wa basi. Tikati onsewa alibe mlandu chifukwa ndi ang'onoang'ono, ndiye kuti tsankho lachitika popanda wolichita, ngati mvula.

Wachitatu ndiye adandigwira pakhosi. Iye adawerengapo buku la nthano zifupizifupi lotchedwa From a Certain Point of View, limene lidatuluka mu 2017 pokumbukira zaka 40 za filimuyi. M'menemo Chuck Wendig adalemba nthano ya Wuher, yonena kuti ali mwana makolo ake adaphedwa ndi maloboti ankhondo. Mnzangayo adati, nanga munthu woteroyo ungamudzudzule bwanji? Ndidakhala chete nthawi ndithu, pakuti chilonda cha mnzako suchiseka. Koma nditaganiza ndidaona kuti nthanoyi ikutithandiza kumumvetsa, osati kumumasula. Maloboti amene adapha makolo ake ndi ena. C-3PO ntchito yake ndi kumasulira zinenero ndi kusunga mwambo, sadagwirepo mfuti pa iye. Kulipiritsa wosalakwa ngongole ya wolakwa chifukwa choti akufanana khungu, kaya likhale lachitsulo, ndiye tsankho lenilenilo. Pafupifupi aliyense wosala mnzake ali ndi nkhani yomvetsa chisoni imene angakufotokozereni mutamupatsa mpata. Timvere nkhaniyo, timulirire, koma pakhomo paja wina adakali chiimire padzuwa.

Pali munthu wina m'chithunzichi amene anzanga sadafune kuti timukhudze, poti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ameneyu ndi Luke mwini wake. Wogulitsa mowa atakuwa, Luke sadafunse chifukwa. Adangotembenukira C-3PO n'kumuuza kuti akadikire ku galimoto, posafuna mavuto. Obi-Wan, munthu wa chilungamo uja, sadanenepo kanthu. Mungati adali pa ulendo wobisala, sakadayambitsa phokoso, ndipo n'zoona. Koma onani mmene zimakhalira zosavuta kwa munthu wabwino kupeza chifukwa chabwino chokhalira chete. Chondiwawa koposa ndi yankho la C-3PO, amene adavomera mwaulemu ndi mtima wonse, ngati munthu amene adazolowera kalekale kuti malo ake ndi panja.

Ulemu umenewo ndimaudziwa, pakuti ndidaulandirapo. Pa tchuthi nditangolemba mayeso a Fomu 4 ndinkathandiza kugulitsa m'botolositolo ya amalume anga pa kamsika kena kwathu. Madzulo ena, pakhonde patakhala aphunzitsi ndi makalaliki akumwa, kudabwera bambo wina wachikulire amene khate lidamudya zala kalekale. Mudzi wonse unkadziwa kuti adalandira mankhwala n'kuchira, ndipo ine, mwana wa sukulu, ndinkadziwa bwino kuti wolandira mankhwala a khate sapatsira mnzake. Adaitanitsa Fanta. Ndidaona makasitomala akuyang'anana, wina n'kusuntha mpando. Amalume kudalibe, ndipo sadandipatsepo lamulo lililonse pa za bamboyu. Ndidamuuza kuti ndalama aike pa kauntala, kenaka ndidati, "Bambo, mukamwere kuseri uko, botolo mukasiye pomwepo." Iye adandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Chabwino mwana wanga, palibe kanthu." Adanyamula botolo lija ndi zikhatho zonse ziwiri n'kuzungulira kuseri. Pakhonde nkhani za mpira zidapitirira.

Tsiku limenelo ndikadafunsidwa, ndikadayankha ndi mfundo zomwe zija za anzanga: ndimateteza malonda, ndine wantchito chabe, anthu ndiwo amaopa. Ndinkadziona ngati munthu wamng'ono m'nkhani ya eni ake. Koma kwa bambo uja ine sindidali wamng'ono. Madzulo amenewo dziko lonse lidamulankhula kudzera pakamwa panga. Apa ndipo pagona yankho langa pa funso lija. Ung'ono wa mpangankhani umaoneka kwa woonera, amene maso ake ali pa ngwazi. Kwa amene watsekeredwa chitseko, wogwira chitsekoyo ndiye mwini nkhani. Wuher sakadatha kugwetsa boma lankhanza, sakadatha kuletsa malonda a maloboti, ngakhale mfuti za m'bala mwake zidamukanika. Chinthu chimodzi chokha chimene chidali m'manja mwake ndi khomo lija, ndipo mphamvu yochepa yomweyo adaigwiritsa ntchito pa ofooka kuposa iye. Zigawenga adaziopa, asilikali adawalozera njira, ukali wake wonse udakathera pa amene sakadamubwezera. Mlandu wake ndi wolingana ndi msinkhu wake, sungafanane ndi wa Darth Vader, koma ndi wake ndithu, ndipo sangaupatsire Chalmun kapena nkhondo ya ubwana wake.

Nkhani ya bala ija ili ndi mchira. Mu December 2019, m'gawo lachisanu la sewero la pa kanema la The Mandalorian, lonena za zaka zingapo pambuyo pa nthawi ya Luke uja, tidalowanso m'bala ya ku Mos Eisley. Anthu ndi ochepa, phokoso lija lidatha, Wuher kulibe, ndipo kuseri kwa kauntala kwaima maloboti, ndiwo akugulitsa. Ambiri adaseka poona zimenezi, amvekere chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine sindidaseke kwenikweni. Loboti kuloledwa kulowa kuti ligwire ntchito sikutanthauza kuti lalandiridwa ngati mlendo. Agogo athu ambiri ankaphika m'nyumba zimene sakadaloledwa kukhala pa tebulo lake. Ndiponso sindikhulupirira kuti tizichitira anzathu zabwino pongoopa kuti mawa zidzatitembenukira. Bambo wa Fanta uja sadzakhalapo kuseri kwa kauntala kuti andibwezere, ndipo chimenechi sichichepetsa kanthu pa zimene ndidachita.

Ife tili pano ambiri timadziyesa a Luke Skywalker, tikuyembekeza tsiku limene tidzapulumutse dziko. Zoona zake n'zakuti tikatenga madigiri athu ambiri a ife tidzakhala kuseri kwa kauntala ina yake, ku banki, ku chipatala, ku ofesi ya boma, m'kalasi, ndipo pa mzere padzaima anthu amene sadzadziwa n'komwe maina athu. Tchuthi chathachi ndidafunsa za bambo uja, ndipo adandiuza kuti adasamukira kwa mwana wake kutali. Mawu amene ndidakonza oti ndikamuuze ndikadali nawo.