Ngongole ya pa Bwinja

Mlimi aliyense adziwa kuti cimanga ca pa bwinja cimabala koposa ca m'munda wamba. Phulusa la pa mafuwa, ndowe za m'makola ndi zinyalala za kudzala zinanonetsa nthakayo kalekale. Kodi tsono wokolola pamenepo ali ndi ngongole kwa anthu amene sanawaone, amene ngakhale maina ao anaiwalika?

Mabwinja ali m'maiko onse. Ku England kuli midzi yakale pafupifupi 3,000 imene inasanduka bwinja. Pa Wharram Percy, ku Yorkshire, eni malo anacotsa alimi ca m'ma 1500 kuti awetepo nkhosa. Koma mizere ya minda yao, imene inalibe mipanda, ioneka pansi pa msipu kufikira lero.

Ku Dedza nkhani njomweyo. Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, unali likulu la Kalonga wa Amaravi. Ofukula zakale anapezapo mapale, mkuwa, mikanda ndi zibenthu za mbale za ku China. Pa matanthwe a Mphunzi pali zithunzi zofiira za Akafula, alenje aja, ndi zoyera za Acewa. Mu 2006 bungwe la UNESCO linawerenga dera la Chongoni, la malo 127 otere, kuti ndi cuma ca anthu onse.

Wina adzati: akufa sadya nsima, nthaka nja amoyo. Wanena zoona, ndipo kulima pa bwinja si kulakwa konse. Koma amene wadya cimene sanagwirire nchito wakongola ndithu, ngakhale mwini wace sadzabwera kudzalonjerera.

Popeza akufa salandira malipiro, ngongoleyo iyenera kubwezedwa kwa amene sanabadwe. Kubweza kwace nkwa mitundu iwiri. Koyamba, kusaononga cimene munthu sangathe kucipanganso: mnyamata wolemba dzina lace ndi khala pa zithunzi za Mphunzi, kapena wosonkha moto pansi pa thanthwe, afafaniza mau okhawo amene Akafula anasiya. Kaciwiri, kusiya nthaka yabwino koposa imene anaipeza: kuthira manyowa, kulima mizere yopingasa pa citunda kuti madzi asakokolole dothi, ndi kuleka mitengo ya m'mbali mwa mtsinje.

Mudzi uliwonse umene ukufuka utsi lero udzakhala bwinja tsiku lina. Adzukulu odzalimapo sadzadziwa maina a eni ace, koma adzawaweruza poona nkhokwe zao, ngati zadzala kapena ai.