Kodi Tsoka la Mnzathu Lingakhale Sukulu Yathu?

Amayi anzanga mwa Ambuye, pali mawu amene timawamva kawirikawiri munthu akaima kuchitira umboni pa misonkhano yathu. Amati: "Nditapita kukathandiza anthu ovutika ndi namondwe, chikhulupiriro changa chinakula." Tonse timawomba m'manja ndi kuvomera kuti Ameni. Mawuwa si abodza ayi. Koma tiyerekeze kuti pabenchi la kumbuyo pakhala mayi amene nyumba yake inapita ndi madzi, mwana wake sanapezeke mpaka lero. Kodi iye amawamva bwanji mawu amenewa? Kodi n'koyenera kuti ine ndithokoze Mulungu chifukwa cha phindu limene ndinalipeza pa maliro a mnzanga? Funsoli n'lolemera, ndipo ndikupempha kuti tiliganizire pamodzi.

Tikumbutsane kaye zimene zinachitika. Namondwe wa Freddy anayambira kutali, kufupi ndi dziko la Australia, mu February 2023, nayenda panyanja masabata oposa asanu. Analowa ku Mozambique kachiwiri pa 11 March, ndipo masiku otsatirawo mvula inagwa usana ndi usiku m'chigawo chakummwera kuno. Phiri la Soche linagumukira anthu a ku Chilobwe. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unakokoloka. Ku Mulanje ndi ku Phalombe miyala ndi matope zinatsika m'mapiri n'kufotsera nyumba ndi minda. Boma lathu la Thyolo linali limodzi mwa maboma amene Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza pa 13 March kuti agweredwa tsoka. Anthu omwalira ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Dziko linakhala pa maliro masiku 14. Zonsezi zinachitika mkati mwa nyengo ya Lenti.

Yankho loyamba limene tiyenera kulikana ndi lakuti Mulungu anatumiza namondweyo kuti atiphunzitse ife, kapena kuti awalange iwo. Ambuye Yesu anayankha kale nkhaniyi. M'mutu 13 wa Uthenga wa Luka akukamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo akukana poyera kuti iwo anali ochimwa kuposa anzawo. Anthu amene anafa ndi Freddy sanafe chifukwa chosapemphera. Ambiri anafa chifukwa cha malo amene ankagona. Kuno ku Thyolo tikudziwa kuti malo ndi ochepa. Gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, anthu tachulukana, ndipo wosauka amamanga ndi kulima pamalo otsetsereka kapena m'mphepete mwa mtsinje poti alibe kwina. Mitengo ya m'mapiri tinaitha ndi nkhwangwa ndi makala. Njerwa zosawotcha zikanyowa masiku atatu zimasungunuka. Izi n'zifukwa zooneka ndi maso. Mwana wa mnzanga sanafe kuti ine ndiphunzire kupemphera.

Yankho lachiwiri limene tiyenera kulikana ndi lobisika kwambiri, chifukwa limavala yunifolomu yathu yomwe. N'zotheka kupita ku msasa wa anthu othawa madzi mtima uli pa ife eni: kuti atione, kuti atijambule tikupereka ndowa, kuti mu lipoti la parishi dzina la nthambi yathu likhale pamwamba. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo mwambiwu uli ndi nzeru zake, pakuti lero ndi iwe, mawa ndi ine. Koma tikautenga ngati malonda, wovutika uja amasanduka nkhokwe yosungiramo madalitso athu. Pamenepo m'pamene timayamba kufunsa kuti, "Kodi mumapemphera kuti?" tisanapereke ufa. Msamariya wa m'fanizo lija sanafunse munthu wovulalayo mtundu wake kapena kumene amapembedza. Madzi osefukira sanasankhe Mwangilikani, Mkatolika, wa CCAP, wa Seventh Day kapena Msilamu. Chifukwa chiyani thumba lathu la ufa lisankhe?

Tsono kodi tileke kunena kuti chikhulupiriro chimakula potumikira? Ayi. Chimakuladi. Koma tiyenera kumvetsa njira imene chimakulira.

Ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo ndinaona anamwino achitsikana ambiri akuyamba ntchito. Amene ankalowa m'wodi maganizo ali pa kukwezedwa kapena kuyamikiridwa ndi dokotala, sankachedwa kutopa ndi kuyamba kukalipira odwala. Amene ankalowa maganizo ali pa mayi wa pabedi lachitatu amene magazi sakuleka, ndiye amene patapita zaka ankakhala namwino weniweni, iye mwini osadziwa kuti zinachitika liti. Luso linabwera m'mbuyo mwake iye akuyang'ana wodwala. Chikhulupiriro chilinso chimodzimodzi. Ukachithamangitsa pa tsoka la mnzako suchipeza. Ukaiwala za iwe mwini n'kuyang'ana wovutikayo, chimakupeza chokha.

N'chifukwa chake ndimalemekeza kwambiri amayi othyola tiyi amene amadzipereka pa nthawi ngati imeneyi. Mwezi wa March ndi nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri, ndipo ndalama ya wothyola imadalira masamba amene ali m'dengu lake pa sikelo. Mayi wotere akasiya munda n'kupita kukaphika phala ku msasa, kapena kukathandiza kufukula katundu wa mnansi m'matope, wapereka ndiwo za ana ake. Nthawi zambiri khoma la nyumba yake yomwe limakhala litagwa. Iye sabwera ndi umboni wautali. Koma amadziwa chinthu chimene ife okhala ndi penshoni timachedwa kuchidziwa: kuti amene akupereka ndi amene akulandira onse ndi osowa pamaso pa Mulungu.

Pali mafunso atatu amene tingadziyese nawo kuti tione ngati tinakuladi.

Loyamba: kodi tinapereka zimene iwo ankasowa, kapena zimene ife tinkafuna kuchotsa m'nyumba? Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022, ndipo unapha anthu oposa 1,700, woopsa kuposa ina yonse imene dziko lino linaionapo. Pa sukulu pamene pagona mabanja mazana ndi zimbudzi zochepa, sopo, ndowa ya chivundikiro ndi mankhwala a kolorini othira m'madzi zimapulumutsa moyo kuposa mulu wa zovala zakutha. Mayi aliyense wa bungwe lathu ayenera kudziwa kuti paketi ya Thanzi ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimagwira munthu wotsekula m'mimba pa ulendo wopita kuchipatala. Tikumbukirenso zimene anthu amachita manyazi kuzipempha pagulu: zovala zamkati, nsalu za atsikana akakhala kumwezi, ndi mankhwala a ma ARV amene anapita ndi madzi pamodzi ndi buku la kuchipatala. Izi amauza mayi mnzawo pambali, ngati mayiyo wakhala pansi n'kumvetsera.

Lachiwiri: kodi tinatha kukhala chete? Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba, pamene anakhala naye pansi osayankhula. Analakwa atayamba kumufotokozera chifukwa chimene akuvutikira. Mayi woferedwa akafunsa kuti Mulungu anali kuti usiku umenewo, sakufuna ulaliki. Wa chikhulupiriro chaching'ono amafulumira kuyankha chifukwa funsolo likumuopsa iye mwini. Wa chikhulupiriro chokhwima amatha kugwira dzanja, kulira naye, n'kusiya funsolo m'manja mwa Mulungu.

Lachitatu, ndipo lalikulu: kodi tinabwererako? Sabata yoyamba magalimoto a thandizo amapanikizana pamsewu. Pakapita miyezi itatu misasa imatsekedwa, ana amabwerera m'makalasi, wailesi imayamba nkhani zina. Pamenepo m'pamene mayi wamasiye amaima pa chiunda cha nyumba yake, munda wake utakwiririka ndi mchenga, njala ikubwera. Ife a ku Thyolo tili ndi chitsanzo chathuchathu. M'zaka zimene Edzi inkatha anthu m'midzi ndi m'makomboni, bungwe la Médecins Sans Frontières linkagwira ntchito ndi chipatala cha boma kuno, ndipo mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa m'boma lino mu 2003. Koma mankhwala asanabwere, ngakhalenso atabwera, panali anthu odzipereka, ambiri a iwo amayi a m'mipingo, amene ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala, kuwachapira ndi kuwaperekeza kuchipatala, chaka ndi chaka, popanda wowajambula. Amayi amenewo ndi amene ndinawaona akukhwima m'chikhulupiriro, ndipo ambiri a iwo ndi mizati ya mipingo yathu lero.

Madzi adzabweranso. Anabwera mu January 2015, Idai anabwera mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Tsono nthambi iliyonse isadikire kuti mitambo ide. Tidziwiretu nkhalamba, olumala ndi amayi oyembekezera amene akugona pamalo oopsa m'dera lathu, a mpingo uliwonse, ndipo tigwirizane kuti adzawanyamula ndani. Tisunge sopo ndi ndowa pang'onopang'ono. Tibzale mitengo m'mphepete mwa mitsinje. Ndipo mwezi uno, tisankhe banja limodzi limene linagweredwa tsoka mu 2023, tikalione, tifunse kuti denga lili bwanji ndipo ana akupita kusukulu kapena ayi.

Tikaimanso kuchitira umboni, tiyankhule mawu amene mayi wa pabenchi la kumbuyo angathe kuwamva osapwetekedwa mtima. Tisathokoze Mulungu chifukwa cha namondwe. Timuthokoze kuti anatilola kukhala pafupi ndi ana ake pa tsiku lawo loipa, ndipo timupemphe mphamvu zoti tisawasiye. Ambuye akudalitseni nonse m'nthambi zanu.